Maroketi a anthu wamba pamaso pa khamu: amateteza oonerera ndani?

Chaka ndi chaka ku America, anthu wamba amasonkhana m'minda ikuluikulu ndi m'zipululu kukaulutsa maroketi amene akonza okha kunyumba. Si asilikali, si a NASA. Ndi aphunzitsi, amakaniko, ophunzira a ku yunivesite, azigogo opuma pantchito. Ena mwa maroketiwa ndi aatali kuposa munthu, olemera makilogalamu makumi angapo, ndipo amakwera makilomita ambiri m'masekondi owerengeka. Kumisonkhano yotereyi kumabweranso mabanja ndi ana awo, atanyamula mipando ndi kamba, kudzangodyetsa maso. Msonkhano wotchuka kwambiri ndi wotchedwa LDRS (Large Dangerous Rocket Ships), umene unayamba mu 1982 ku Medina m'chigawo cha Ohio ndipo umasinthasintha malo.

Aliyense akamva zimenezi amafunsa kuti boma limalola bwanji chinthu chotere pakati pa anthu. Yankho lake ndi lodabwitsa pang'ono. Boma lalikulu limalondera mlengalenga, kuti roketi isakumane ndi ndege. Koma zapansi, zoti ndani aloledwe kugula injini, roketi iti iuluke, oonerera aime pati, mbali yaikulu zili m'manja mwa mabungwe a eniake oulutsawo. Ine ndimaona kuti dongosololi ndi labwino, ndipo lapulumutsa anthu ambiri. Ndimaonanso kuti lili ndi pofooka pake, ndipo pofookapo ndi pamene paima munthu wongobwera kudzaonerera.

Malamulowa anabadwa pa ngozi. Dziko la Soviet Union litaponya Sputnik mu Okutobala 1957, anyamata ambiri a ku America anatengeka mtima. Ankasakaniza mankhwala m'magalaja a makolo awo, n'kuwatsendera m'mapaipi achitsulo, n'kuyatsa. Paipi yachitsulo yodzaza mankhwala oyaka ndi bomba basi, ndipo ambiri anaduka zala, ena kuphulika maso, ena kutsikira kulichete. Orville Carlisle, wogulitsa nsapato wa ku Norfolk m'chigawo cha Nebraska, anali atapanga kale kainjini kakang'ono ka chikho cha pepala kogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya. Anatumiza zitsanzo kwa G. Harry Stine, amene ankagwira ntchito pamalo oyesera mizinga a White Sands ku New Mexico. Awiriwa anayambitsa bungwe limene lero limatchedwa National Association of Rocketry, mwachidule NAR, mu 1957. Nzeru yawo inali yosavuta kumva: mwana asakhudze mankhwala. Injini ipangidwe ku fakitale, thupi la roketi likhale la pepala ndi mtengo wopepuka, kuyatsa kuchitike ndi waya wa magetsi munthu ali patali, ndipo roketi itsike ndi parachuti.

Anawo atakula anafuna zazikulu. M'zaka za m'ma 1980 kunafala mainjini a mafuta olimba otchedwa APCP, a mtundu womwe uja unkakankha zombo za Space Shuttle ponyamuka. Bungwe la Tripoli Rocketry Association, limene linayamba mu 1964 ngati kagulu ka ana asukulu kufupi ndi Pittsburgh, ndilo linasanduka kwawo kwa anthu a maroketi amphamvu. Pambuyo pake NAR nayo inalowamo.

Kuti malamulowa amveke, pafunika kudziwa mmene amayezera injini. Iliyonse ili ndi chilembo, ndipo chilembo chilichonse chimawirikiza kawiri mphamvu ya chinzake. Muyezo wa mphamvu yonse yokankha imene injini imatulutsa umatchedwa newton-second: injini ya A imathera pa ma newton-second 2.5, ya B pa 5, ya C pa 10, n'kumakwera choncho mpaka G imene imathera pa 160. Mpaka apa ndi maroketi ang'onoang'ono, ndipo ochepetsetsa mwa iwo ndi zoseweretsa zimene ana amaulutsa pabwalo la sukulu. Kuyambira pa H ndiye maroketi amphamvu, ndipo kuwirikizako kumathamanga: M imafika 10,240, pamene O imafika 40,960. Injini imodzi ya O ili ndi mphamvu ya ma G oposa 250.

Palibe amene amangodzuka n'kukagula injini ya M. Zili ngati laisensi ya galimoto, suyamba ndi lole ya ngolo ziwiri. Chiphaso choyamba chimalola H ndi I, ndipo kuti munthu achipeze ayenera kukonza roketi, kuiulutsa pamaso pa mboni za bungwe, n'kuibweza isanaonongeke moti ikhoza kuulukanso. Chachiwiri ndi cha J, K ndi L, ndipo chimafuna mayeso olemba okhudza luso ndi malamulo kuphatikiza ulendo wina wopambana. Chachitatu, cha M, N ndi O, n'chovuta: akatswiri a bungwe amaona mapulani roketi isanamangidwe, amaitsatira pomanga, ndipo amakhalapo tsiku louluka. Munthu ayenera kukhala wa zaka 18, ngakhale mabungwe onse awiri ali ndi njira zolola achinyamata kuphunzira pansi pa wamkulu. Chimene chimapatsa ziphasozi mano n'choti ogulitsa mainjini sagulitsa kwa wopanda chiphaso. Wochotsedwa m'bungwe wataya pogula, wataya inshuwalansi, watayanso bwalo loulutsira.

Nanga boma lili pati? Nthambi yoona za ndege ya Federal Aviation Administration, FAA, ili ndi malamulo ake mu gawo lotchedwa Part 101, amene anakonzedwanso n'kuyamba kugwira ntchito mu 2009. Imagawa maroketi a anthu wamba patatu. Gulu loyamba ndi la osapitirira magalamu 1,500 kulemera konse, okhala ndi mafuta osaposa magalamu 125, opanda zitsulo zikuluzikulu. Awa safuna chilolezo. Lachiwiri ndi la amphamvu, mpaka ma newton-second 40,960. Lachitatu ndi la opitirira apo, ndipo malire a zonse ndi ma newton-second 889,600 ndi kutalika kwa makilomita 150. Wodutsa pamenepo salinso wamasewera, malamulo ake ndi a makampani oponya zombo. Malirewa si nthano chabe: pa 17 Meyi 2004, gulu la anthu wamba lotsogoleredwa ndi Ky Michaelson linaulutsa roketi yotchedwa GoFast m'chipululu cha Black Rock ku Nevada n'kufika makilomita pafupifupi 116.

Okonza msonkhano wa maroketi amphamvu amalembera FAA kukadali masiku osachepera 45, kufotokoza malo, masiku, maola ndi kutalika kumene akufuna. Akaloledwa, amakhala ndi denga lawo losaoneka, ndipo roketi iliyonse iyenera kuthera pansi pa dengalo. Tsiku likayandikira amadziwitsa oongolera ndege, kutatsala masiku osaposa atatu koma maola osachepera 24, kuti oyendetsa ndege achenjezedwe. Saloledwa kuulutsa mitambo ikaphimba kupitirira theka la thambo, kapena maso akamalephera kuona makilomita 8. Kulowetsa roketi mumtambo n'koletsedwa, chifukwa sudziwa chili kuseri kwake. Usiku, kapena pamtunda wosakwana makilomita 9.26 kuchokera pabwalo la ndege, pamafunika chilolezo chapadera. FAA imanenanso kuti munthu kapena katundu wosakhudzidwa ndi msonkhanowo akhale kutali mamita 457, kapena gawo limodzi mwa magawo anayi a kutalika kumene roketi ikwere, kutengera chimene chili chachikulu. Pazikhala wamkulu woyankha za chitetezo, pazikhalanso njira yozimitsira moto.

Zapansi zenizeni zinalembedwa ndi bungwe lina losakhala la boma, National Fire Protection Association. Buku lake la NFPA 1127 ndi la maroketi amphamvu, la 1122 ndi la ang'onoang'ono, la 1125 ndi la opanga mainjini. Mabukuwa amakhala lamulo pokhapokha chigawo kapena mzinda ukawalandira, ndipo zigawo zambiri zinatero. Zina zimaonjezapo zawo. California, mwachitsanzo, imafuna laisensi yochokera ku ofesi ya mkulu woona za moto. Mwini malo nayenso ali ndi mawu: ku Black Rock chilolezo chimachokera ku nthambi ya boma yoyang'anira malo ya Bureau of Land Management, pamene kwina ndi mlimi chabe amene wabwereka munda wake atakolola.

Koma mtima wa zonsezi ndi katebulo kamodzi pansi pa tenti. Pamenepo pamakhala mkulu wa chitetezo cha bwalo, amene amangomutchula kuti RSO. Roketi iliyonse imadutsa m'manja mwake. Amainyamula, n'kuisanjika padzanja kuti apeze pamene kulemera kwake kwakhazikika. Malo amenewo ayenera kukhala kutsogolo kwa pamene mphepo imakankha roketi, ndi mpata wosachepera kunenepa kwa thupi lake, apo ayi roketi imazungulira mutu ikangochoka pachitsulo choulutsira n'kulowera kulikonse. Amagwedeza zipsepse kuti amve ngati guluu wagwira. Amakoka chisongole cha kumutu: chikathina kwambiri parachuti situluka, chikakhwepa chimachoka roketi ili pa liwiro. Amawerenga kakhadi kamene mwini walembapo injini, kulemera ndi kutalika koyembekezeka, n'kuona ngati injiniyo ingakankhe katatu kuposa kulemera kwa roketi. Masiku ano ambiri amabwera atawerengera kale pa kompyuta ndi mapulogalamu ngati OpenRocket, koma dzanja la RSO silisiya kugwedeza. Akakana, wakana. Mwini akhoza kukhala kuti wamanga chaka chathunthu ndipo wayenda ulendo wa masiku awiri, palibe apilo. Ndipo wokanayo ndi mnzake wa m'bungwe lomwelo, wosalipidwa, amene mawa nayenso adzaima patebulo lomweli ndi roketi yake. Kukana mnzako pamaso pa anthu kumafuna mtima wolimba, ndipo dongosolo lonse latsamira pamenepo.

Roketi ikavomerezedwa imapita kuchitsulo choulutsira. Kawaya koyatsira injini samaika ali pakati pa anthu, ndipo timakina ta magetsi totulutsa parachuti amatiyatsa roketi itaima kale choloza kumwamba. Siloledwa kupendekeka kupitirira madigiri 20, ndipo mphepo ikaposa makilomita 32 pa ola zonse zimaima. Kenako woyatsa amalengeza pa chimkuzamawu dzina la mwini ndi kukula kwa injini, amayang'ana kumwamba ngati kuli ndege, amayang'ana pabwalo ngati pali munthu, n'kuwerenga chotsitsa kuchokera pa 5. Injini ikakana kuyaka, palibe amayandikira mpaka patadutsa masekondi 60 magetsi atathimitsidwa, chifukwa moto wina umanyeka mwakachetechete n'kudzuka munthu atawerama.

Mtunda ndiye chishango chachikulu. Pa injini za H, I ndi J anthu amaima mamita 30 kuchokera pa roketi. Pa K ndi 61, pa L 91, pa M 152, pa N 305, ndipo pa O ndi 457. Roketi ikakhala ya mainjini ambiri kapena yamagawo osiyana m'mwamba, mtundawo umakula, mpaka mamita 610 pa O. Mozungulira chitsulo amalambula udzu ndi zinyalala, ndipo injini zolavula nthethe za titanium zimafuna malo olambula okulirapo. Aliyense amene anaonapo moto wolusa m'chilimwe akudziwa chifukwa chake. Nthawi ya chilala misonkhano imalephereka kumene.

Tsono apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Oonerera amaopa kuphulika ponyamuka. Kuphulikako kumachitikadi, injini n'kung'ambika pachitsulo, koma mitunda ija inawerengeredwa zimenezo ndipo zidutswa zimagwera pamalo opanda munthu. Choopsa chenicheni ndi kutsika. Roketi yaikulu imatulutsa parachuti kawiri. Ikafika pachimake, kamakina koyeza kutalika kamayatsa wonga pang'ono, thupi n'kugawika, kaparachuti kakang'ono n'kutuluka kuti itsike msanga isatengedwe ndi mphepo. Ikatsala mamita mazana ochepa, wonga wachiwiri umatulutsa parachuti yaikulu. Batire likafooka, waya ukaduka, wonga ukachepa, thupi siligawika. Roketi imatembenuka n'kubwera chamutu pa liwiro la makilomita mazana pa ola, pafupifupi mosamveka, ndipo kumene igwere sikudziwika bwino. Mamita 152 amene anakutetezani ponyamuka alibe tanthauzo kwa chinthu chochokera makilomita atatu m'mwamba.

N'chifukwa chake zitsulo amazipendeketsa pang'ono choloza kutali ndi khamu, ndipo maroketi akuluakulu amawaika timakina tiwiri, kalikonse ndi batire lake. N'chifukwa chakenso oonerera amapemphedwa kuimirira, kutuluka m'matenti ndi kuyang'ana kumwamba roketi yoyamba kuyesedwa ikamanyamuka. Zikavuta lipenga limalira, ndipo amene akuiona roketi amailoza ndi chala kuti ena atsatire dzanja lake. Kuthawa chisawawa n'kosathandiza, umayamba waiona kenako n'kusuntha. Mu Novembala 2015, ku Johnson Valley m'chigawo cha California, bambo wina anamwalira roketi yokonzedwa pamanja itamugwera kumaso potsika, pamsonkhano wa achinyamata. Imfa zotere n'zosowa kwambiri m'masewerawa, koma imeneyi inasonyeza kumene ngozi imachokera.

Apa ndi pamene ine sindikhutira. Oulutsa anaphunzira, analemba mayeso, ndipo khosi lawo linazolowera kuyang'ana kumwamba. Mayi wobwera ndi ana atatu chifukwa anaona chilengezo pa Facebook sanaphunzire kalikonse. Akhoza kukhala akutsegula botolo la mwana pamene lipenga likulira, osadziwa n'komwe tanthauzo lake. Malamulo amanena zambiri za roketi ndi mtunda, koma zophunzitsa mlendo wolowa pachipata zimadalira kwambiri khama la kalabu yokonza. Makalabu abwino amafotokozera aliyense wolowa, amamangira chingwe chooneka, amaika oimika magalimoto kumbali imene mphepo siloza, ndipo amabwereza machenjezo tsiku lonse poti alendo amabwera maola osiyana. Ndikanakonda zimenezi zikanamangidwa mwamphamvu ngati mmene tebulo la mitunda linamangidwira. Khamu likamakula, monga pa mipikisano ya mayunivesite imene inkachitikira ku Spaceport America ku New Mexico kuyambira 2017, ndiye kuti osadziwanso akuchuluka.

Pali nkhani ina imene inasintha masewerawa, ya kukhothi. Nthambi ya boma yoona za mfuti ndi zophulika, ATF, inaika APCP pamndandanda wa zophulika. Zimenezi zinkatanthauza kuti wofuna injini yaikulu atenge chilolezo cha boma, akhale ndi mosungira movomerezeka, ndipo aziyenderedwa. NAR ndi Tripoli anakasuma mu 2000, ponena kuti APCP imayaka mofulumira koma siphulika. Mlandu unatenga zaka 9. Pa 16 Malichi 2009 woweruza Reggie Walton wa ku Washington anagamula mokomera mabungwewo, ndipo APCP inachotsedwa pamndandanda. Ndimagwirizana nacho chigamulocho, pakuti lamulo liyenera kutsata mmene chinthu chilili osati mmene chimaopsera poyang'ana. Koma chinaonjezera katundu pamapewa a mabungwe. Kuyambira pamenepo, chipata chachikulu pakati pa munthu ndi injini yamphamvu ndi chiphaso chija. Mabungwe awiriwa amasiyananso pamfundo imodzi yaikulu: NAR imalola mainjini a ku fakitale okha amene anayesedwa, pamene Tripoli imalola mamembala a chiphaso chachiwiri kupita m'tsogolo kuulutsa mainjini odzipangira, pansi pa malamulo ake.

Maiko ena ali ndi njira zawo. Ku Britain kuli United Kingdom Rocketry Association, imene nayo ili ndi ziphaso zitatu ndi ma RSO ake, koma malamulo a zophulika ndi okhwima ndipo malo otakasuka ndi ochepa. Ku Thailand nkhani ndi ina. Pachikondwerero cha Bun Bang Fai, chotchuka ku Yasothon mu Meyi, anthu akumidzi amaulutsa maroketi odzaza wonga popempha mvula, ndipo aakulu kwambiri amanyamula makilogalamu oposa 100. Mu 1999 imodzi inaphulika itangonyamuka, anthu n'kufa ena n'kuvulala. Boma limafuna kuti okonza atenge chilolezo, makamaka poopa ndege, koma kukankhira khamu kutali pamwambo wa makolo n'kovuta kuposa pamsonkhano wa kalabu. Kufupi nafe kuno, ophunzira ndi aphunzitsi a University of KwaZulu-Natal ku Durban amamanga maroketi otchedwa Phoenix, oyendera sera ndi mpweya wa nitrous oxide. Mu Malichi 2021 imodzi inafika makilomita pafupifupi 18. Iwo saulutsira pamaso pa khamu, amapita kumalo oyesera zida a kampani ya Denel ku Overberg, m'mphepete mwa nyanja ku Western Cape, kumene roketi ikhoza kugwera m'madzi.

Ntchito sithera pamene parachuti yatseguka. Mwini ayenera kukaitenga roketi yake, nthawi zina makilomita angapo, kudutsa minda ya eni ndi mipanda. Ana amathamangira chilichonse chotsika, ndipo amaletsedwa kuwakha kapena kutola roketi ya munthu wina, chifukwa mkati mungatsale wonga umene sunayake. Ndiye pali mawaya a magetsi. Parachuti imakonda kukodwa pamenepo, roketi n'kumalendewera poonekera, yooneka ngati ingatsike ndi ndodo yaitali. Anthu afa poyesa zimenezo. Lamulo la mabungwe onse awiri pamenepa n'lachidule: isiye pomwepo, imbira foni a kampani ya magetsi, ndipo udikire ngakhale atabwera patapita sabata.